EJ257 yanga yanoka, ndibowole buloko yomweyi kapena ndisake ina?

Gondwa_STI
Akuluakulu ndithandizeni nzeru mutu wanga sukugwira. Galimoto ndi Subaru Impreza STI ya 2006, injini EJ257, tebo ndi yomwe inabwera nayo. Loweruka ndinapita nayo ku track, maraundi oyamba bhobho ndithu, koma chakumapeto ndikutuluka pa kona ina yaitali nyali ya oyilo inangophethira kamodzi nkuzima, ine nkumati mwina ndi sensa chabe, ndapita raundi ina ndikumva gu gu gu pansi, kuwonjezera moto phokoso nalo kuwonjezera. Ndinazimitsa pompo tinachita kuikoka.

Tatsitsa oyilo anangotuluka pang'ono, komanso akunyezimira ngati mwathira golide. Dzulo taitsitsa injini taiphwasula yonse. Bering'i ya konirodi ya nambala 3 inazungulira, kilanki pamenepo yakandika moti chikhadabo chikukodwa, konirodi yake yasanduka yabuluu. Komanso chomwe sindimayembekezera, pisitoni ya nambala 4 yathyoka pakati pa maring'i, silinda yake ili ndi mizere iwiri.

Nde funso langa ndi buloko. Ndibowole yomweyi, ndigule short block yatsopano ya fakitale (buloko yomanga kale ndi kilanki, makonirodi ndi mapisitoni, yopanda mahedi), ndisake EJ207 yakale (injini ya Subaru ya malita awiri), kapena ndingolowa closed deck kamodzinkamodzi ndithane nazo? Sindikufuna kutsitsanso injini chaka chamawa.

Turbo_Mafia
closed deck basi man osataya nthawi. semi closed mudzaliranso

MdalaWaSipanala
Pepani achimwene, phokoso limenelo amene analimvapo saliiwala. Koma musanayambe za buloko tayankhani kaye izi. Mukufuna mphamvu zingati pa mataya? Galimotoyi ndi yoyendera tsiku ndi tsiku kapena ya track yokha? Busti, presha ya mpweya wa tebo, inali pati? Inachunidwa? Nanga oyilo munamuyeza liti komaliza lisanafike Loweruka?

Ndikufunsa chifukwa mwatiuza matenda awiri osiyana. Bering'i imafa ndi njala ya oyilo, pomwe pisitoni kuthyoka chonchija ndi detonation, petulo kuphulika yekha mu silinda mmalo moyaka bwinobwino. Injini yanu yakumana ndi zonse ziwiri, ndiye tidziwe chomwe chinayamba ndi chiti.

Gondwa_STI
Madala, ndimayendera kuntchito daily, track mwina kanayi pa chaka. Mphamvu ndikanakonda ma horsepower 350 pa mataya, ikakwana imeneyo ine ndakhuta. Oyilo ndinayeza... mwina masabata atatu apitawo, anali pakati. Za busti ndiyankha bwino lake kkkk

Turbo_Mafia
350 lero, mawa muziti 500. tonse tinayamba choncho. ikani closed deck mugone tulo

Nachisale_Machining
A Turbo_Mafia, closed deck imathandiza chani kwenikweni, tatiuzeni. Chifukwa ine ndikuona ngati anthu amangoitchula ngati mankhwala a matenda onse.

Nkhani yake ndi iyi. Mukachotsa hedi nkuyang'ana pamwamba pa buloko, pozungulira masilinda pali mpata wodutsa madzi. Pa EJ205 mpatawo ndi wotseguka kwambiri, ndiye open deck imeneyo. Pa EJ257 pali timilatho tolumikiza silinda ndi khoma la panja, semi closed. Closed deck ndiye kuti pamwamba ponse patsekedwa, pangotsala timabowo ta madzi. Phindu lake ndi loti silinda sigwedera kapena kufutukuka kumwamba busti ikakwera kwambiri, ndiye gasiketi imakhala pamalo ndipo khoma siling'ambika. Basitu. Siiteteza bering'i, siiteteza pisitoni. Injini ya a Gondwa sinafe ndi khoma long'ambika kapena gasiketi, ikanakhala closed deck ikanafa chimodzimodzi tsiku lomwelo pa kona yomweyo.

Pa 350 timilatho ta fakitale tija timakwana bwinobwino. Komanso dziwani kuti ma closed deck ambiri a 2.5 amene mumawaona ndi buloko wamba yomwe aisema nkukhomeramo chitsulo pamwamba, ndipo akakhoma chija masilinda amapindika pang'ono, ayenera kubowoledwanso ndi kusalazidwa pambuyo pake. Akaigwira munthu wosadziwa mwagula mavuto ena.

Turbo_Mafia
chabwino aunt mwawina kkkk koma Impreza 22B inali closed deck, fakitale siyopusa

Nachisale_Machining
Inali closed deck inde, EJ22G, ngakhale ma EJ20G ena oyambirira analinso choncho. Koma fakitale yomweyo ndi imene inapitiriza ndi semi closed pa STI kuyambira pa modelo ya 2001 mpaka EJ inatha. Ndipo mabuloko akale aja ali ndi zawo, thrust bearing, yoletsa kilanki kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo, ili pa nambala 3 pomwe atsopanowa ili kumbuyo pa nambala 5, ndiye kilanki yanu siingolowa popanda kusema. Si ntchito ya munthu wofuna kupita kuntchito Lolemba.

KaLegacy_GT
Ine voti yanga EJ207. Bore 92mm stroke 75mm, makoma okhuthala kuposa a 2.5 amene ali pa 99.5mm, ndipo imazungulira mpaka 8000 rpm ikuseka. Mnzanga ali nayo zaka zisanu sanaitsegulepo. 2.5 anangokulitsa mabowo pa buloko ya saizi yomweyo nde makoma anapyapyala, mukabowolanso muziwonjezera kupyapyalako

Gondwa_STI
Imeneyo ndinaiganizira kwambiri amwene, kulira kwake pa 8000 kumandisangalatsa. Koma imangolowa?

Wa_Mawaya
Siyimangolowa ayi, ndilankhule monga munthu amene ndinavutikapo ndi mawaya ake. Ma EJ207 a Japan a nthawi ya galimoto yanuyo throttle yake ndi ya kebulo, yanuyo ndi ya magetsi. Ndiye musankhe, kusamutsa intake yanu ndi masensa anu kupita pa injini ija, kapena kubweretsa kompyuta yake ndi mawaya ake ndi pedulo yomwe. Mukapeza ya twin scroll ndiye kuti header, up pipe, downpipe ngakhale sampu zonse ndi zake zake. Zimatheka, anthu amapanga, koma si za weekend imodzi.

Chinanso anthu sanena, mumataya pafupifupi theka la lita, 2457cc kutsika kufika 1994cc. Mumsewu wa tsiku ndi tsiku mudzamva kusiyana, pansi pa 3500 imakhala yaulesi poyerekeza ndi yomwe munazolowera. Komanso injini yakale ndi yakale basi, yaposa zaka 15, simukudziwa mwini wake amaithamangitsa bwanji. Wogulitsa aliyense amati low mileage.

KaLegacy_GT
za low mileage zo nzoona kkkkk zonse zimakhala 60 thousand, ngati anapangana

Bwana_V8
chotsani chi boxer icho muike LS, V8 ya GM, muone moyo kukoma

Admin_Chisale
A Bwana_V8 ulusi uliwonse ndi LS, tsiku lina tidzakutsekerani kunja. Tiyeni tikhale pa nkhani.

MdalaWaSipanala
A Gondwa mwandithawa pa busti paja. Ndikudikirabe.

Gondwa_STI
Chabwino madala ndiulule. Miyezi inayi yapitayo ndinaika manual boost controller, kachitsulo kokwezera busti, ndekha, ndinaipotokola mpaka geji kumafika cha mma 1.4 bar, osachuna. Ndimati ndichuna ndikagula downpipe. Imathamanga bwino zedi nde ndinangozisiya. Musandiphe

Turbo_Mafia
eeeh man kkkkkkk

MdalaWaSipanala
Sitikuphani, mwadzilanga kale nokha. Tsono nkhani yonse yaoneka, ndikuuzeni mmene ndikuionera ine.

Munakweza mpweya koma kompyuta ikuyendera mapu akale. Pamwamba injini imayamba kuphulitsa yokha moto usanafike nthawi yake, detonation ija, ndipo ndi mawindo otseka ndi ekizozi yaphokoso simungaimve. Mapisitoni a fakitale a EJ257 ndi othira mchikombole, ndi olimba ndithu koma sapindika, akamenyedwa amangothetheka ngati mbale yadothi. Nambala 4 ndi imene imakonda kuyamba. Itathyoka ija galimoto imayendabe, anthu ambiri amayenda miyezi osadziwa, koma mpweya umadutsa maring'i kulowa pansi mu sampu, nkumakankha oyilo kudzera mmapaipi opumira kupita ku intake. Injini ikumwa oyilo wake womwe. Oyilo akalowa moyaka muja amafooketsanso petulo, detonation nkuwonjezeka. Masabata atatu osayeza, mwafika ku track sampu ili ndi theka, pa kona yaitali oyilo yense wathawira mbali imodzi, pickup, paipi yokoka oyilo mu sampu, yayamwa mpweya, nyali yaphethira. Nyali imene ija imayaka presha itagwa kale pansi penipeni, ikamayaka ndiye kuti zaonongeka kale. Raundi yomwe munawonjezera ija ndi imene inamaliza kilanki.

Kuti mutsimikize, tsegulani intercooler muone mkati. Mukapeza oyilo ali chithaphwi ndiye kuti ndanena zoona.

Gondwa_STI
Ndangochokera ku galaja. Intercooler ndaipendeketsa oyilo kuchita kuyenderera pansi. Madala ndinu mfiti

MdalaWaSipanala
Ufiti ayi, ndatsegula zambiri basi.

Nachisale_Machining
Ndiye poti chifukwa chapezeka tibwerere ku buloko. Ine sindinganene kuti itayeni kapena isungeni ndisanaone manambala. Pitani nayo kwa odziwa kuyeza, zidutswa zonse ziwiri, aitsuke kaye kenako aone izi.

Mizere ya nambala 4 ija yalowa bwanji. Ngati ingachoke pobowola kufika 99.75 palibe vuto, saizi imeneyo mapisitoni ake amapezeka paliponse. Ngati ikufuna kupitirira 100 ine pa injini ya tebo ndimakana. Kenako amange zidutswa ziwirizo ndi mabawuti ake pa torque yake, ayeze njira yomwe kilanki imagonamo ngati ikadali yozungulira komanso yowongoka. Apa ndi pomwe anthu amadumpha. Buloko ya boxer ndi aluminiyamu yogawika pakati, konirodi ikamamenya chonchija mphamvu yonse imathera mmipando ya ma main. Aonenso pomwe zidutswazo zimakumana ngati pali zizindikiro zoti zimakhulana, ndi pamwamba ngati pali flat.

Akamabowola aumirireni agwiritse torque plate, chitsulo chomanga pa buloko mmalo mwa hedi. Mukamanga hedi silinda imasintha shepu pang'ono, makamaka ndi ma stud a ARP amene amakoka kwambiri kuposa mabawuti wamba. Wobowola popanda plate amakupatsani bowo lozungulira pa tebulo koma lopindika mu galimoto, kenako muzidabwa kuti injini yatsopano ikudya oyilo bwanji.

Kilanki ndi konirodi yabuluu ija musaziganizirenso. Chitsulo chikasintha mtundu choncho chapsa.

Kamnyamata_GC8
funso pang'ono aunt, kilanki sangangoidya nkuika ma bering'i a undersize? ine yanga tinapanga choncho

Nachisale_Machining
Zimatheka mwanawe, ngati yangokandika pang'ono. Koma kulimba kwa kilanki kuli pa chikopa cha pamwamba, ukadya kwambiri wafika pofewa. Yoti bering'i inazungulirapo mpaka kutentha imathanso kupindika kapena kukhala ndi ming'alu yosaoneka ndi maso. Pa galimoto yopita ku track ine ndimaika yatsopano.

Wa_Mawaya
Ine ndiponyeko ganizo lotopetsa lomwe palibe amalikonda. Short block yatsopano ya fakitale. Imabwera yomanga kale, ma clearance a fakitale, siigogoda mmawa, siidya oyilo, mumangoika mahedi anu. Kuyambira pa STI Type RA ya 2018 mapisitoni anawalimbitsako, ndipo STI ya 2019 inatengera omwewo. Ndi mapu abwino ndi petulo wabwino anthu amayenda nayo zaka. Vuto la a Gondwa silinali buloko, linali kachitsulo kopotokola kaja.

Turbo_Mafia
koma akadali ma cast amenewo, othira mchikombole aja. tsiku limodzi petulo woipa basi mwabwerera pomwe munali

Wa_Mawaya
Apo sindikutsutsani. Pa 350 ndi track ali mmalire ndithu.

MdalaWaSipanala
Apa a Turbo_Mafia alankhula zanzeru koyamba, tiwaombere mmanja. Pa 350 ya pa mataya ndi kutentha kwa track ine ndingakonde mapisitoni a forged, osulidwa osati othira mchikombole. Koma forged nayo ili pawiri ndipo anthu amangogula osafunsa. Pali 2618 ndi 4032. Ya 2618 ndi yofewerapo, imapirira nkhonya kwambiri, koma imafufuma ikatentha ndiye imafuna mpata waukulu mu silinda. Mmawa injini ikazizira imagogoda ngati dizilo mpaka itenthe, ndipo ukamaiyendetsa timaulendo tatifupi tsiku ndi tsiku imadya silinda msanga. Ya 4032 ili ndi silicon wambiri, siifufuma kwambiri, mpata wake ndi wothina, ndi yachete ndipo imakhalitsa, kungoti siipirira nkhanza ngati inzake ija. Munthu woyendera kuntchito masiku 300 nkupita ku track kanayi, 4032 ndiye yake. Wofuna 500 atenge 2618 ndi closed deck yake ija, adziwiretu kuti azitsegula injini pafupipafupi.

Ndipo mpata wa pisitoni musatenge mbuku la fakitale, tengani pa pepala lobwera ndi mapisitoniwo. Wobowola akhale ndi mapisitoni mmanja asanayambe.

Gondwa_STI
Zikomo nonse, buloko ndaipereka kokayeza. Pakadali pano ndikutsuka zina zonse. Oil cooler ndaiviika mu petulo usiku wonse ndiye ndiipopa ndi mpweya mawa

Nachisale_Machining
AYI. Itayeni. Pepani kukuwa koma apa ndi pomwe injini zatsopano zimafera. Ka cooler kaja kokhala pamwamba pa fyuluta mkati mwake muli tinjira tambirimbiri topindapinda, zinyenyeswa za bering'i zimabisala mmenemo ndipo palibe petulo kapena mpweya ungazichotse zonse. Zimadikira oyilo atenthe nkuyamba kutuluka pang'onopang'ono kulowa mu ma bering'i anu atsopano. Ndinalandirapo injini yomwe inangoyenda makilomita osakwana 500 chimangireni, mwini wake akuloza chala aliyense, titadula cooler pakati munali golide yekhayekha.

Paliponse pomwe oyilo wakuda uja anadutsa muziona ngati pali poizoni. Cooler yatsopano. Pampu ya oyilo yatsopano, kapena itseguleni muone ma rotor ngati sanakandike. Pickup yatsopano. Sampu ili ndi zipinda zowotcherera zomwe simungafikemo, ndipo poti mumapita ku track ingogulani ya baffle. Mahedi aphwasulidwe, tinjira ta oyilo titsukidwe ndi burashi. Ma gear a AVCS (yosintha timing ya ma valve) ndi ma solenoid ake amasunga zinyalala. Mu mabawuti a banjo opita ku AVCS ndi ku tebo mumakhala tisefa tating'onoting'ono, tikatsekeka tebo imafa ndi ludzu. Tebo yomweyo aitsegule aione, inamwa nawo oyilo ameneyo. Intercooler itsukeni mpaka iume.

Kamnyamata_GC8
ine cooler sindinasinthe ndipo ikuyenda mpaka pano

MdalaWaSipanala
Ena amawoloka mtsinje wa ng'ona osalumidwa mwana wanga, koma sitiuza anthu kuti mulibe ng'ona.

Gondwa_STI
Ndabwera ndi zotsatira, patenga sabata ndi theka. Mizere ya nambala 4 akuti ikanachoka pa 99.75 bwinobwino, ndinasangalala kaye. Koma atamanga zidutswa ziwiri zija nkuyeza njira ya kilanki, mipando iwiri yapakati sikuzungulira bwino, komanso pokumana pake pali mabala akuda okhulana monga munanenera aunt. Akuti angathe kusema pokumanapo nkubowolanso njirayo, koma anandiuza mosabisa kuti akatero zinthu zina zimasuntha pang'ono ndipo ntchito yake ikuyandikira kugula zatsopano.

Nde ndaganiza chonchi. Ndigula ma case halves, zidutswa ziwiri za buloko, atsopano a EJ257 opanda kanthu mkati, semi closed yomweyo. Kilanki yatsopano ya fakitale ya stroke 79mm. Makonirodi a forged onse anayi, mapisitoni a 4032, ma stud a ARP ku mahedi. Cooler ili kale mu bini, ndaijambula ngati umboni kkkk. Ka boost controller ndakapachika pakhoma mu galaja kuti ndizikaona.

Funso lotsala, poti buloko ndi yatsopano ndingangoponyamo mapisitoni a 99.5 osapita nayo kwa obowola?

Nachisale_Machining
Ganizo labwino. Koma ayi musangoponyamo. Yang'anani pamwamba pa buloko mupeza zilembo A kapena B, fakitale imasiyanitsa masilinda ake pang'onopang'ono ndipo imasankha pisitoni yolingana ndi bowo lililonse. Mapisitoni anu a forged sadziwa zimenezo. Bowo lililonse liyezedwe ndi pisitoni yake, ndi plate yomanga ndi ma stud omwewo ndi gasiketi ya mtundu womwe mudzagwiritse. Kawirikawiri ine ndimakonda kutenga 99.75 ngakhale pa buloko yatsopano kuti ndikhale ndi nyama yodya nkupeza mpata weniweni womwe ndikufuna, koma mukayeza nkupeza kuti 99.5 ikukwana, mwasunga kubowola kumodzi kwa mtsogolo.

Ma bering'i muyeze ndi micrometer ndi bore gauge. Plastigauge, kaulusi kapulasitiki koyezera mpata, ndi yongotsimikizira pomaliza. Maring'i nawo amafuna kusema mpata wake umodziumodzi, ndipo a tebo mpata umakhala wokulirapo, ukathina nsonga zikakumana potentha pisitoni imathyoka pamalo omwe aja ngakhale ikhale forged.

KaLegacy_GT
ndikadali wokhumudwa kuti 207 yaluza koma chabwino. lamba wa timing ndi ma idler muikenso atsopano, injini izi ma valve amakumana ndi pisitoni lamba akaduka

Turbo_Mafia
tionana chaka chamawa mukamadzafunsa za 500 kkkk

Gondwa_STI
Mayi akunyumba amva mtengo wa zomwe ndagula kale, 500 ndikaitchula ndigona mu galaja momwemo. Madala, poyambitsa nditani? Ena akuti ndiziyendetsa ngati dzira makilomita 1500 ena akuti ndiipondeletu tsiku loyamba

MdalaWaSipanala
Onse awiri akukokomeza. Musanailize chotsani mapulagi ndi fyuzi ya pampu ya petulo, muzungulitse ndi sitata mpaka geji ya oyilo ikwere, ndipo geji yake ikhale yeniyeni osati nyali ija inakupusitsani. Thirani oyilo wamba wa mineral, synthetic adikire. Ikalira muone ngati palibe kudontha, itenthe, kenako tulukani nayo pamsewu, osaisiya ikungolira pamalo ola lonse. Maring'i amakhazikika ndi katundu, ndiye muzikweza pang'ono mu giya yachitatu nkusiya kuti injini ibweze yokha galimoto, mobwerezabwereza, osakhala pa rpm imodzi, busti yochepa ya wastegate basi. Oyilo woyamba mutsitse msanga pa makilomita 50 mpaka 100, fyuluta muidule muyang'ane mkati. Tinyenyeswa tochepa totuwa nzabwinobwino, mukaona golide muime.

Ndipo munthu wochuna mupangane naye panopa injini isanamangidwe, akupatseni mapu oyambira. Ma injector muwatumize akayezedwe, makamaka ya nambala 4, tisangoti zonse ndi boost controller pomwe mwina nayo imaperewera.

Gondwa_STI
Ma injector sindinawaganizire nkomwe, ndiwachotsa mawa. Ma case akuti afika sabata ziwiri zikubwerazi, akafika ndiponya zithunzi za zilembo zija aunt mundiuze.

Kamnyamata_GC8
man buloko yakale ija musataye, ndikufuna ndipange tebulo

Gondwa_STI
Bwera udzatenge, koma ubwere ndi mnzako wonyamula naye, msana wanga watha kale